Magazi Atakana Kuundana pa Njira ya ku Milange

Tsiku limene tinawoloka mlatho wa pa Muloza kubwerera kwathu, nkhondo itatha, ndinanena mumtima kuti mapazi anga sadzapondanso ku Malawi. Si kuti anthu a kumeneko anatizunza ayi. Koma m'kampu ya othawa nkhondo muja ndinasiyamo manda a amayi anga, ndipo ndinatopa n'kutchedwa wothawa. Chaka chisanathe ndinawolokanso mlatho womwewo, mwana ali kumsana, amuna anga atamangidwa ndi chingwe kumsana kwa munthu amene dzina lake sindilidziwa mpaka lero.

Mudzi wathu uli kuseri kwa Mongue. Pobwerera tinaupeza utasanduka tchire. Mitengo ya mango yokha ndi imene inkatiuza kuti apa panali nyumba ya uje, apo panali tchalitchi. Tinkagona m'kachisakasa kofolera ndi lona imene tinachokera nayo ku kampu, ine, amuna anga a Paulino, ndi mwana wathu Rozina amene anali akuyamwa. Pafupi nafe pankakhala amalume awo a Paulino, a Gonsalo, mbale yekhayo amene nkhondo inawasiyira. Potsegula minda makasu ankatukula mafupa a anthu. Tinkangowakwiriranso bwinobwino patsinde pa mtengo, n'kupemphera, n'kupitiriza kulima.

Inali nyengo yotentha, mvula isanagwe. A Paulino ankadula nsichi ndi phaso kuti timange nyumba yeniyeni. Anagwira kanthambi kouma kuti akachotse panjira, koma sikanali kanthambi. Njokayo inawaluma pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, ndipo sinasiye msanga, inali ngati ikutafuna. Anaikutumula n'kuipha ndi chikwanje. Inali yaitali, yowonda, khungu lake ngati khungwa la mtengo.

"Nalikukuti uyu," anatero amalume ataitembenuza ndi ndodo. "Akanakhala mphiri bwenzi tikulira. Taonetsa dzanja. Latupa?"

Silinatupe. Panali timabala ngati pamene munthu wakandidwa ndi minga. A Paulino ataona nkhope yanga anaseka.

"Make Rozina, wayamba kale kuganiza za amene adzakukwatire?"

Ine ndinangoyang'ana pansi. Iwo anabwerera ku mitengo yawo.

Dzuwa litapendeka amalume anabwera ndi lezala ndi kansupa ka mankhwala akuda. "Njoka ndi njoka, mphwanga," anatero. "Tiitsekere njira." Anawatema mphini kuzungulira pa bala, pa mkono, pa chigongono, pa phewa, mpaka pachifuwa, akutikitira mankhwala aja. Palibe amene anaona cholakwika. Tonse tinakula tikutemedwa mphini, inenso ndili nazo. Magazi a mphini amangotuluka ngati timikanda, n'kuuma munthu asanavale malaya.

Kutacha mphasa inali yonyowa. Mphini iliyonse inkadontha, pang'onopang'ono koma osaleka. A Paulino anati mutu ukuwawa, ndipo atalavula, malovu anali ofiira psuu. Ndinawayang'ana m'kamwa, magazi ankachokera m'nkhama. Koma chimene chinasonkhanitsa anthu ndi chipsera cha pa mwendo.

Nkhondo ili mkati, asilikali a m'tchire anawagwira a Paulino kuti aziwanyamulira katundu. Anakhala nawo miyezi yambiri asanathawe. Pa mwendo anawatema ndi chikwanje tsiku lina atagwa ndi thumba la chimanga, ndipo chilondacho chinavuta kupola, chinkatseka n'kutsegukanso mpaka ku kampu kumene tinakumana. Za miyezi imeneyo sankakamba. M'mawa umenewo chipsera chija chinali chitada bii, ndipo m'mphepete mwake munkatuluka magazi ngati atemedwa dzulo.

Anthu anaima patali. Ndinamva mayi wina akunong'oneza mnzake kuti, "Si njoka imeneyo. Njoka imaluma dzanja n'kutulukira kumwendo? Ndi aja tikuwatukula m'minda. Akufuna magazi awo."

Ine ndinali nditaika mbale pansi pa chigongono chawo kuti asaipitse bulangete. Ndinaiyang'ana mbale ija nthawi yaitali. Nkhuku ukaizinga, magazi ake amaundana usanayambe n'kuisosola komwe. Awa anangokhala ngati madzi. Ndikapendeketsa mbale, ankayenderera.

Kulankhula pamaso pa apongozi kumandivuta. Ndinagwada pambali pa amalume n'kunena motsitsa kuti, "Apongozi, kuchipatala." Sanatsutse. Anakatenga njinga yawo.

Tinawakhazika a Paulino pa kaliyala, amalume akukankha, ine ndikuwagwira kumsana. Ndinaphwasula lona padenga n'kuipinda, chifukwa china chopatsa woyendetsa galimoto tinalibe. Masiku amenewo munthu sunkapatuka m'njira. Unkaponda pamene anzako aponda, chifukwa mabomba okwirira, amene kwathu timati mina, anali akadali m'tchire. Kumbuyo kwathu madontho ankatsala m'fumbi, ndipo nyerere zinkawapeza tisanapite patali.

Pa Mongue kanyumba kamene kanali ka mankhwala kanali kopanda denga. Tinakhala pansi pa mtengo kudikira galimoto. Inadutsa thirakitala yopita kwina. Kenako kunali zii. Ndinang'amba kapulana wanga wina n'kumanga mkono wonse, koma nsaluyo inkangonyowa. Rozina ankalira ndi kutentha. Pa mtengo womwewo panakhala bambo wina wowonda, wovala malaya atsopano amene anamukulira. Anali ndi ndowa yatsopano, khasu lopanda mpini ndi chingwe chokulunga. Aliyense ankadziwa tanthauzo la katundu ameneyo: ndi zimene ankapatsa asilikali potula mfuti. A mbali iti, palibe ankafunsa. Anthu anangomusiyira mthunzi waukulu yekha.

Dzuwa lili pamutu inafika lole yogula nandolo, yobwerera ku Milange. Woyendetsa atawaona a Paulino anapukusa mutu.

"Mayi, ine ndimanyamula nandolo. Akandifera m'njira ndikayankha chiyani kwa apolisi?"

Ndinangotambasula lona ija. Anaigwira, n'kuyang'ana kumwamba ngati akuwerengera mvula, kenako anati, "Kwerani. Koma asadonthezere pa matumba, bwana wanga andidya wamoyo."

Amalume sakanatha kuwakweza okha. Bambo wa ndowa uja anaimirira, anawanyamula a Paulino ngati mwana n'kuwakhazika pamwamba pa matumba. Pamwambapo panali kale mayi wina wonenepa wa dengu la matemba, amene anayamba kufunsa mafunso tisanakhale n'komwe.

Msewu unali maenje okhaokha. Lole ikagwera m'dzenje a Paulino ankapendekera kunja, mphamvu zogwirira analibe. Bambo uja anamasula chingwe chake, anachizunguliza m'chiuno mwawo n'kuchimangirira ku chitsulo cha lole. Anamanga mwachangu, ndi dzanja limodzi, mfundo imene ine ndinali ndisanaionepo, yopinda kawiri n'kusiya kamchira kolendewera. A Paulino anaiyang'ana mfundo ija. Nkhope yawo inasintha. Anandikodola ndi maso, ndipo nditawerama anandinong'oneza.

"Make Rozina, ndi mmene ankatimangira. M'chiuno, pa mzere. Ukakoka imathina."

"Ndi yemweyu?"

"Sindikudziwa. Anali ambiri. Koma mfundoyi ndi yawo."

Bambo uja anamva kapena sanamve, sindikudziwa. Ankangoyang'ana kutsogolo, ndowa ili pakati pa miyendo. Ine ndinasendera n'kukhala pakati pa iye ndi amuna anga.

Tinadutsa midzi yopanda anthu, nyumba za njerwa zoboola makoma, lole ina yopserera imene m'kati mwake munamera mtengo. Pa kamlatho kena kogumuka tinatsika tonse kupatula a Paulino, galimoto n'kuwoloka pa mitengo yoyala. Titangokwera chitunda cha kutsidya, injini inayamba kufuka nthunzi, lole n'kuima.

Panali poipa. Mbali zonse ziwiri za msewu kunali timitengo topaka utoto wofiira, chizindikiro cha mina. Mthunzi unali pomwepo, mtengo wa masuku wa masamba ambiri, koma palibe akanayerekeza kupitako. Tinawatsitsa a Paulino n'kuwagoneka pansi pa lole. Woyendetsa anati injini yauma madzi, ndipo mtsinje tinausiya kumbuyo. Anayang'ana ndowa ya bambo uja.

"Akulu, chida chanu chatsopanocho chiyambe ntchito."

Bambo uja ananyamuka kutsata mkati mwa msewu, mmene matayala anaponda.

Tili chidikirire, a Paulino anapempha kutaya madzi. Amalume anawagwiriziza kuseri kwa tayala. Mkodzo unali wofiira. Mayi wa matemba anauona n'kuwomba m'manja.

"Mayo ine! Ululu walowa m'kati. Agogo, mphini zanu zinachepa, mankhwala sanafike. Temani kumsana ndi pachipumi, magazi oipawo atuluke onse. Mlamu wanga anachira choncho."

"Inali njoka yanji?" anafunsa woyendetsa.

"Kaya, njoka basi. Inu mumadziwa za matayala, izi tisiyireni."

Amalume anali atasokonezeka kale. Anapisa m'thumba n'kutulutsa lezala ija, yokulunga m'kapepala. Anayamba kuwavula malaya a Paulino. Pamsana pawo panali zigamba zakuda, ngati munthu womenyedwa ndi ndodo, chonsecho palibe anawamenya.

Sindikudziwa kumene mawu anachokera. Ndinagwira dzanja la apongozi anga, chinthu chimene mkazi wa kwathu sachita.

"Ayi, apongozi."

"Iwe mwana, usiye dzanja langa."

"Pepani, apongozi, koma ayi. Paliponse pamene munatema dzulo pakutuluka. Mukatema pena patulukanso. Atsala ndi ochepa."

"Ukundiphunzitsa ine? Uyu ndi mwana wa mlongo wanga!"

Ndinkalira, koma dzanja sindinalisiye. Rozina naye analira kumsana. Nthawi yomweyo bambo wa ndowa anafika ndi madzi. Anatula ndowa, anayang'ana mkono womangidwa uja, anayang'ana lezala.

"Madala, amvereni mayiwa," anatero ndi mawu otsika. Aka kanali koyamba kumumva akulankhula, ndipo Chinyanja chake chinali chosakaniza ndi Chilomwe. "Ine magazi ndawaona ambiri. Amatuluka, kenako amagwirana, ngakhale a munthu wakufa. Awa sakugwirana. Musawatsegulire khomo lina."

Palibe anamufunsa kumene anawaonera. Mayi wa matemba anayamba kukonza dengu lake. Amalume anakulunga lezala, ndipo m'malo moibweza m'thumba anandipatsa ine, osandiyang'ana.

Injini inamwa ndowa imodzi n'kufunanso ina, bambo uja anapitanso. Pamene tinkanyamuka mithunzi inali itayamba kutalika. Phiri la Tumbine linaonekera kutsogolo, koma linkachedwa kuyandikira. A Paulino anasiya kulankhula. Milomo yawo inayera mbee. Nthawi ina anatsegula maso n'kuyamba kutchula mayina a anthu amene ine sindiwadziwa, mmodzimmodzi, ngati akuwaona pa mzere. Bambo uja anatembenukira kumbali.

Ku Milange woyendetsa anatichitira chifundo, anatitula pakhomo pa chipatala asanakatsitse nandolo. Nako nkhondo inali itadutsako, ankangokonza kumene. Tinapeza nesi wachimuna wa imvi. Anamasula nsalu zanga, anaona mphini, n'kupuma mozama. Anamanga mkono wonse ndi mabandeji, mothina. Kenako analankhula Chipwitikizi, ndipo ataona kuti sindikumva bwino anabwereza m'Chinyanja.

"Mama, ululu wa njoka imeneyi sutupitsa. Umalowa m'magazi n'kuwononga chimene chimawaundanitsa. N'chifukwa chake akutuluka m'kamwa, mu mkodzo, ndi pa chilonda chakale. Akufunika magazi a munthu wina. Kuno zipangizo zowaikira magazi sizinabwerere. Wolokani, mupite ku Mulanje. Fulumirani, pa malire amatseka dzuwa likalowa."

Amalume anakhala pansi pa khonde. "Ndiye ndamupha ndine?"

"Yamuluma ndi njoka, bambo, si inu. Koma mphinizi zawonjezera potulukira. Mukabwerera kumudzi mukawauze anzanu."

Miyendo ya amalume inali itatupa ndi ulendo wa m'mawa, ndipo nkhope yawo inakalamba tsiku limodzi. Anati adikira pomwepo pa Milange, kwa munthu wa mpingo wathu. Anagwira mutu wa a Paulino potsanzikana. Ine ndinaima ndi mwana kumsana, munthu wosatha kuyenda ali pa benchi, dzuwa likutsika. Nditacheuka ndinaona bambo wa ndowa ataima pa geti.

"Inenso ndikuwoloka," anatero. "Kwathu ndapeza tchire. Akuti amayi anga anathawira ku Malawi. Ndikukawafuna."

Ndinakumbukira zimene a Paulino anandinong'oneza. Ndinayang'ana uku ndi uku ngati pangapezeke munthu wina. Panalibe.

Njinga ya amalume, imene inabwera nafe pa lole, inatifikitsa pa malire. Pamenepo bambo uja anagwada, tinawakweza a Paulino kumsana kwake, ndipo anawamangirira ku thupi lake ndi chingwe chija, mfundo yomwe ija pachifuwa pake. Ndowa ndi khasu anandipatsa ine. Msilikali wa mbali yathu anayang'ana magazi amene ankatsikira pa malaya atsopano aja n'kungotikodola kuti tidutse. Pa mlatho amalonda ndi onyamula katundu anapatuka okha. Mutu wa a Paulino unali pa phewa la munthu uja, ndipo ndinawamva akunena ngati akulota, "Ndafika, sefu, musandimenye, ndafika." Sefu ndi mmene ankaitanira akuluakulu a m'tchire. Bambo uja anaima pang'ono pakati pa mlatho. Kenako anapitiriza, mofulumira kuposa poyamba.

Ku mbali ya Malawi wa yunifolomu anafunsa kuti mwini wodwala ndani. Bambo uja anakhala chete, ndipo ndinazindikira kuti akuopa kulankhula. Ndinayankha ndine, mokweza mpaka ndinadzidabwa.

"Ndine, bwana. Amuna anga. Yawaluma njoka."

"Nanga awa?"

"Alamu anga."

Anatilola. Anatiimitsiranso kagalimoto ka matola kopita ku Mulanje, n'kuuza woyendetsa kuti ayambe watitula ife. Tinadutsa pa Limbuli msika ukuphwasuka, kenako m'minda ya tiyi. Penapake ndinazindikira njira yolowera ku kampu yathu ija. Nyumba zinali zitagwetsedwa, anthu atalimapo mizere. Kumene kunali manda a amayi sindinathe kukuona. Bambo uja anandifunsa kuti, "Ndi pamenepo?" Ndinavomera ndi mutu. Anayang'anabe mpaka tinakhota.

Pa chipatala cha mishoni tinafika kukuyamba kuda. Adokotala anali mayi wamfupi wa magalasi. Anafunsa maonekedwe a njoka, ndinawafotokozera. Anatenga magazi pang'ono pa mkono wabwino, anawathira m'kabotolo kagalasi, n'kukaimika pa tebulo. Anati tisakakhudze. Tonse tinkangokayang'ana, iwo akuyang'ananso wotchi. Nthawi itakwana anakapendeketsa. Magazi anayenderera ngati a m'mbale yanga ija. Ngakhale pamene anabaya singano panayamba kudontha.

"Mayi, ndikuuzeni zoona," anatero. "Njoka zina zili ndi jakisoni wake. Iyi ilibe. Chimene tingachite ndi kuwaika magazi atsopano, kuti akhale moyo mpaka ululu utatha mphamvu wokha. Tiziyang'anira mkodzo, chifukwa impso nazo zimatha kufooka. Asagwe, asamenyetse mutu, asatemedwenso paliponse. Abale amene angapereke magazi alipo?"

Ndinatambasula mkono wanga. Anandiyang'ana m'zikope, anandibaya chala, n'kukana. Anati ndikuyamwitsa ndipo anga omwe ndi ochepa. Ndinawachonderera, anakanabe.

"Alamu anuwo bwanji?" anafunsa adokotala, poti nawonso ndinali nditawauza choncho.

Bambo uja anali ataima pakhomo, malaya ake atauma gwa ndi magazi a amuna anga. Ndinalephera kumupempha. Ndinkadziwa kuti a Paulino akanakhala maso akanakana, akanasankha kufa. Ndinkadziwanso kuti ndikakhala chete amwalira. Ndinangomuyang'ana, koyamba kumuyang'ana m'maso. Anali wamng'ono kuposa mmene ndinkaganizira, msinkhu wa amuna anga omwe.

Anapinda dzanja la malaya. "Ngati angagwirizane, tengani," anatero.

Anagwirizana. Ndinaona thumba lija likupachikidwa, lofunda, ndi kachingwe kofiira kakutsikira mu mkono wa a Paulino. Iwo sankadziwa kanthu.

M'mawa mwake magazi a m'kabotolo anayendereranso. Thumba limodzi silinakwane. Mayi wina amene ankadikirira mwana wake pa bedi loyandikana anakauza anthu a mpingo wake, ndipo kunabwera amuna awiri osatidziwa n'komwe kudzapereka. Ine ntchito yanga inali kuchapa. Mabandeji, nsalu, bulangete, zonse ndinkaziviika mu ndowa ija, madzi n'kufiira, n'kutaya, n'kutunganso. Bambo uja ankagona pa khonde pamodzi ndi odikirira odwala ena. M'chipinda sanalowenso. Ankangondifunsa ndikatuluka kuti, "Agwirana?" Ine n'kupukusa mutu.

Tsiku lina m'mawa ndinatuluka ndi ndowa ndipo pa khonde panalibe munthu. Khasu lake panalibe. Mlonda anati wapita kukufunsa za anthu a ku kampu amene anatsalira m'midzi. Chingwe chake anali atachidula, chidutswa china atachimanga pa chogwirira cha ndowa, poti waya wake unkandicheka m'manja.

Tsiku lomwelo adokotala anatenganso magazi. Ndinali nditatopa nako kabotolo kaja, moti ndinayang'ana kukhoma. Ndinamva akundiitana.

"Mayi a Rozina, taonani kuno."

Anakapendeketsa. Palibe chinayenda. Anakazondotsa, kukamwa kuloza pansi, ndipo magazi anakhala momwemo, ataundana ngati chiwindi. Ndinakhala pansi pa simenti n'kuphimba nkhope ndi nsalu. Anthu a m'chipindamo ankaganiza kuti kwagwa maliro, mpaka nesi anawaonetsa kabotolo.

A Paulino anachira pang'onopang'ono. Mkodzo unayera, nkhama zinauma, mphini zinachita nkhanambo. Chipsera cha pa mwendo ndicho chinatsiriza kutseka. Tinabwerera mvula yoyamba itagwa, tinawatenga amalume pa Milange, ndipo anthu a kumudzi anatuluka kudzaona munthu amene anali atamulira kale. Lezala ija amalume sanaifunsenso. Ena amanenabe mpaka pano kuti sinali njoka yokha. Ine ndinaona kabotolo, koma ndikamadutsa pa mtengo umene tinakwirira mafupa aja ndimafulumiza mapazi.

Za ulendo wonse a Paulino ankakumbukira zochepa: lole, kutentha, ndi mfundo ija. Atapeza mphamvu anandifunsa kuti, "Make Rozina, magazi ali mwa inewa ndi a ndani?"

"A anthu a mpingo wa ku Mulanje," ndinatero. "Ndi a munthu wina wapaulendo."

Ndowa inali pakhomo. Anaiyang'ana, anayang'ana chingwe cha pa chogwirira, chopinda kawiri, kamchira kakulendewera. Anayamba kusisita mkono umene magazi analowera.

"Amayi ake anawapeza?"

"Sindikudziwa, bambo a Rozina."

Sanafunsenso. Ndowayo ndikutungirabe. Chingwe chija chinatha patapita zaka, chinaduka ndili pachitsime. Ndinabwera nacho kunyumba, a Paulino anatenga chatsopano n'kukhala pa khonde kuti amangepo. Ndinkawaonera ndili pa mtondo. Anamanga ndi dzanja limodzi, mwachangu, osayang'ana, kupinda kawiri n'kusiya kamchira. Munthu amene ankangomangidwa sangaidziwe choncho mfundo imeneyo. Atatha anaona kuti ndaona.

Anandipatsa ndowa, ndinalandira ndi manja awiri, n'kupita kukatunga madzi.